Wojambula Utsi wa ku Entre Lagos

Aneba anga kuno ku Entre Lagos ndi bambo wojambula zithunzi, koma mtima wawo uli pa utsi. Amati anthu amavuta chifukwa amaphethira. Munthu akangoyatsa zinyalala, iwo afika kale ndi kamera, ndipo aliyense wowapatsa moni amamuphunzitsa: "Utsi ndi wamanyazi, achimwene. Kumbuyo kwake kukhale chinthu chakuda, kuwala kuchokere cham'mbali, mudzauona ukuvina."

Mwezi watha anaitanidwa kukajambula ukwati wa Rahimu ndi Subira ku Amaramba. Atafika, anaona utsi ukufuka pomwe azimayi ankawamba nsomba za alendo, koma kapulana yawo, nsalu yakuda yotchingira kumbuyo kwa utsi, anali ataiwala kunyumba. Poyang'anayang'ana, anaona mkwati atavala suti yakuda bii. Anamuimika kuseri kwa utsiwo, n'kujambula mpaka batire kutha.

Zithunzi zitatuluka, utsi unakongola zedi, koma Rahimu ankangooneka mimba ndi mabatani.

Mayi ake a Subira anazitembenuza zonse. "Nanga mwana wanga ali pati?"

"Alipo, mayi," anayankha aneba angawo monyadira. "Kuwala konseku ndi iyeyo. Ndiye anandigwirira tochi."