Tsiku Limene Ndinachotsa Dzanja pa Giya

Tinanyamuka kwathu, kufupi ndi Domwe, Loweruka m'mawa nkhungu isanachoke m'minda. Tinali awiri, ine ndi atate aang'ono a Zakariya, mng'ono wawo wa malemu Atate. Tinakwera karinya yoyera ya Atate, galimoto yotsegula kumbuyo imene inkanyamula mbatata yathu ya kachewere kupita nayo ku Kalomwe. Chiwaikireni Atate m'manda nthawi yokolola chimanga, inangokhala pansi pa mtengo wa mapichesi, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo kwake.

Achibale anali atagwirizana kuti ikaonedwe kwa mekaniko ku Ulongwe, chifukwa inkalira modabwitsa. Vuto likapezeka kunja, ikonzedwa ndipo ikhala ya Amayi. Likapezeka mkati mwa kaisha, mmene mumakhala magiya, igulitsidwa komweko, poti palibe m'banja mwathu amene akanatha kulipira ntchito yaikulu chotero.

"Pita nawo, Rozita," anatero Amayi akundimangirira chitenje paphewa. "Iwe ndiye umaidziwa."

Msewu wochokera kwathu ndi wafumbi lofiira, wokwera ndi kutsika. Atate aang'ono anazolowera njinga yamoto, motero giya iliyonse ankailowetsa ngati akukangana nayo.

"Ndi embreyaji basi," ankatero akuponda chopondera cha kumanzere. "Kanthu kakang'ono. Madzulo tibwera nayo, uona."

Ine ndinangoti, "Inde, atate." Titayamba kutsetsereka pa chitunda choyamba, iwo atalowetsa teresera, giya yachitatu, dzanja langa lamanja linapita lokha pa ndodo ya giya n'kuikankhira kutsogolo. Ndi mmene tinkachitira ndi Atate kuyambira ndili wamng'ono. Pa chitsikiro chilichonse ankati, "Gwira apa, mwana wanga, uyambe kuphunzira." Ndodoyo inkanjenjemera m'dzanja ngati nkhunda yogwidwa, ine n'kumanyada kuti ndikuyendetsa nawo. Atate aang'ono anandiyang'ana pang'ono, n'kumwetulira.

Dzuwa litakwera tinaima pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu kuti injini ipume. Anyamata a njinga anatipitirira atasenza matumba a mbatata aatali kuposa iwo, mmodzi akutikuwiza kuti tikafuna atikoke. Tinagula pau, buledi wa kwathu, ndi mazira owiritsa kwa mayi wina wovala duku lobiriwira. Pomwepo foni ya atate aang'ono inalira. Iwo anakulira ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndiye mawu ena amawatchula Chimalawi. Kaisha amati bokosi.

"Eee, tili pa njira," ankauza woimbayo. "Tikukatsegulitsa bokosi la achimwene. Tikaone mkatimo ngati muli bwino."

Mayi wa mazira anagwira pakamwa. "Pepani, bambo. Mukawafukule? Kodi anamwalira mokayikitsa?"

Atate aang'ono anaseka mpaka kutsamwa ndi pau. Atawafotokozera, nawonso mayiwo anaseka, akuti anthu a ku Malawi adzatipha ndi mawu awo. Kenaka anafunsa kuti nanga eni galimoto ali kuti. Ine ndinayang'ana pansi. Mayiwo anandiyang'ana, anatenga dzira lina n'kundiikira m'dzanja.

Tinalowa mu Ulongwe cha kumasana. Garaja ya a Mesitiri Juliyo ili kuseri kwa nyumba zogulitsira ufa, pansi pa mibulugamu, dothi lake lakuda bii ndi mafuta. Ndi bambo wamfupi, wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Atate ankawadziwa. Anavula chipewa n'kutipepesa maliro asanaigwire n'komwe galimoto.

"Ndi embreyaji, Mesitiri," anatero atate aang'ono.

"Mwina. Tiyeni tiifunse yokha."

Analiza injini, giya ili pakati, n'kutchera khutu. Munkamveka kulira kwapansipansi ngati mphero ili kutali. Ataponda embreyaji kulirako kunaleka, atachotsa phazi kunabwerera. Anachita zimenezi kangapo, nkhope yawo osasintha. Kenaka analowa pansi pa galimoto, n'kugwedeza timitengo tachitsulo tolumikiza ndodo ya giya ndi kaisha, kuona ngati tamasuka. Ine ndinkapemphera mumtima kuti tikhale titamasuka, chifukwa timeneto ndi takunja. Anatuluka akupukuta m'manja.

"Kunjaku kuli bwino. Kodi giya imatuluka yokha?"

"Ayi," anatero atate aang'ono. "Njira yonseyi sinatuluke."

"Tiyeni tikazungulire. Nawenso kwera, mtsikana."

Tinapanikizana atatu kutsogolo, ine pakati. A Mesitiri anatenga msewu wotsikira kudambo. Pirimera, giya yoyamba, inalowa bwino, segunda, yachiwiri, chimodzimodzi. Teresera inalowa ikukukuta. Atachotsa phazi pa moto kuti galimoto itsetsereke yokha, dzanja langa linali litafika kale pa ndodo.

"Ukuchita chiyani, mwana wanga?" anafunsa a Mesitiri.

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinayankha ndikuyang'ana maondo anga kuti Atate ankandiuza kuti ndizigwira potsika.

"Pa giya zonse?"

"Pa teresera pokha."

Kenaka ananena mofatsa, "Tachotsa dzanjalo."

Sindinachotse msanga. Ndinali nditayamba kumvetsa, ndipo ndinkadziwa kuti Amayi akudikira kunyumba. Koma a Mesitiri anadikira osandikalipira, ndiye ndinatukula dzanja n'kuliika pa chitenje. Ndodo inanjenjemera, inanjenjemeranso, kenaka phwa, inabwerera yokha pakati. Injini inangolira mwaulesi, galimoto ikutsetsereka popanda choigwira.

Atate aang'ono anayang'ana kunja kwa zenera.

Titabwerera ku garaja, a Mesitiri anati sangaweruze asanaone mafuta a m'kaisha. Anaika beseni pansi n'kumasula chotsekera. Mafutawo anatuluka akuda, akununkha ngati mazira ovunda. Anapendeketsa beseni padzuwa n'kundiitana kuti ndione. Munali tiufa tachikasu tonyezimira. Anati timeneto ndi mphete zamkuwa zimene zimathandiza magiya kulumana bwino, zaperesekera m'mafuta. Chotsekeracho chili ndi maginito, ndipo chinali chitamera tizitsulo ngati ndevu. Pakati pa tizitsulo timeneto anachotsapo kachidutswa kofanana ndi njere ya chimanga.

"Ili ndi dzino la teresera. Kulira kuja ndi rolamentu, chitsulo chozungulira cha mkati, chatha. Mano akadyeka chonchi giya sigwira, imalavula."

"Sitingangosintha mafuta?" anafunsa atate aang'ono, mawu atatsika.

"Mafuta sameretsa mano, a Zakariya. Izi si za chaka chino. Achimwene anu anabwera nayo kalekale, ndinawauza. Anati ayambe atumiza mwana ku sekundariya, kaisha idikire." Anandiyang'ana. "Anati ali ndi wowagwirira."

Ndinapita kuseri kwa mbulugamu ngati ndikukasamba m'manja. Ndinakhalitsako.

Karinya tinaisiya pomwepo. A Mesitiri anati akudziwa munthu wa ku Fonte Boa amene angaigule mmene ilili. Ndinatulutsa korona ya Atate imene inkalendewera pa galasi, jekete lawo lakale ndi chingwe chomangira matumba. Atate aang'ono anapereka makiyi, kenaka anawapemphanso kuti achotsepo kakiyi ka nkhokwe.

Pobwerera tinakwera shapa, minibasi ya ku Domwe, mametikali zana limodzi munthu mmodzi. Munali mothina, mwana wa mayi wina anagona pamiyendo panga, thumba la feteleza likundikanikiza mapazi. Titadutsa kamsika kaja, atate aang'ono anati, "Ukanapanda kuchotsa dzanja, ikanatifera pa njira tsiku lina, itasenza katundu." Ndinavomera ndi mutu. Ndikudziwa kuti ankanena zoona.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amayi anali m'munda wa kuseri kwa nyumba akukumba mbatata. Atationa tikubwera pansi, ine nditanyamula jekete, anaimika khasu.

"Mkati?"

"Mkati, Amayi."

Ndinawafotokozera zonse, za mafuta, za dzino, ndi zimene Atate anawauza a Mesitiri. Ndinkayesa adabwa. Anangopukuta dothi m'manja mwawo pa chitenje.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndisanakubereke pa mpando umene uja pankakhala ine, nthawi imeneyo kaisha ili bwino. Itayamba kuvuta Atate ako anati ndisakuuze, poti unkasangalala."

Anandipatsa dengu kuti ndizitola. Lolemba mbatata idzapita ku Kalomwe pa njinga za anyamata aja, matumba awiriawiri, ndipo Amayi akuti ine ndidzakhala ndili ku sikola, zivute zitani. Pa ulendowu ndaphunzira kumvetsera kaisha ndi kuyang'ana mafuta ake padzuwa. Kuyendetsa galimoto sindinaphunzire. Zaka zonsezo ndinkathandiza Atate kufika nayo kunyumba.