Kamtanda ka a Peniasi

Sulu ya a Dokotala Peniasi, nsalu imene amuna a kwawo amavala m'chiuno, inawamasukira pamaso pa ophunzira. Ankanyanyamphira kuti aloze kachilumba ka kwawo pamwamba pa mapu, lamba n'kuduka, nsalu yonse n'kugwera kumapazi. Anaitola, n'kuigwirira m'chiuno ndi dzanja limodzi, linalo likulozabe. Mpaka lero kusukulu yaukachenjede ya ku Suva palibe amakumbukira phunziro la tsikulo, koma kachilumbako aliyense amakadziwa.

Bambowa moyo wawo wathera pa mapu akale. Anzawo akufunsira mbeta, iwo ankayetsemula ndi fumbi la mapepala a amalinyero ndi amishonale. Kenaka analemba buku. Pa tsamba lina anajambula gombe la kwawo n'kuika kamtanda pamene mmishonale woyamba anakocheza bwato. Kamtandako sikanagwere kwawo ku Nakorowai, kumene chaka chilichonse amapha nkhumba, kuvala zoyera ndi kuimba pamwala wokumbukira kufika kwake. Kanagwera ku Tokalevu, tsidya la mtsinje, kwa anthu amene a ku Nakorowai akhala akuwaseka kuti anabatizidwa mochedwa.

A ku Tokalevu anakulitsa tsambalo n'kulipachika m'tchalitchi.

Chaka chino a Peniasi apuma pantchito. Nyumba ya sukulu anawauza kuti atulukemo, ndipo malo amene ankati adzamangepo kumudzi, pafupi ndi manda a amayi awo, abale anadzalapo chinangwa. Akazi awo, a Litiana, ankamanga katundu akufunsa: "Tikupita kuti, bambo a mapu? Lozanitu, si ntchito yanu?"

Basi a Peniasi anatenga tabua, dzino la namgumi lopepesera milandu ikuluikulu, n'kukwera sitima. Kumudzi anakhala pamphasa, mutu pansi, n'kulipereka ndi manja awiri. Wolankhulira banja anali msuweni wawo, a Sakiusa.

"Asuweni, sulu mwaimangitsa lero? Muno muli azimayi."

Nyumba yonse inaseka, mtima wa a Peniasi n'kukhalako pansi.

"Dzinoli tilandira," anatero a Sakiusa, "chinangwacho tizula mawa lomwe. Inu Lamulungu mungoimirira m'tchalitchi n'kunena kuti dzanja linaterereka pojambula. Nanga zinthu sizikutererekani inu?"

 A Peniasi ankaona kale m'maganizo khonde la nyumba yawo, ndi a Litiana akuyanika zovala. Anatsekula pakamwa kuti avomere, koma zimene zinatuluka ndi izi: "Vuto lake, asuweni, mapu onse akugwirizana."

Kuseka kunatha. Dzino lija linakhala pamphasa, osalikhudza munthu, mpaka mwini wake analitola yekha. Ngakhale agogo a m'mudzimo akuti sanaonepo tabua ikubwerera pasitima.

Pano akukhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya alamu awo ku Nasinu, mabuku mpaka kudenga, a Litiana akuwayankha ndi mutu wokha. Tsiku ndi tsiku amayala mapu pakhonde, galasi lokuzira zilembo m'manja, kufunafuna mmalinyero mmodzi yekha, ngakhale woledzera, amene anaika kamtandako ku Nakorowai. Moyo wonse ankapemphera kuti zolemba zawo zikhale zoona. Tsopano akupemphera kuti apezeke olakwa.

Dzulo mayi Torika a nyumba yoyandikana anawasuzumira pampanda akusenda chinangwa chawo.

"Adokotala, musiyeni mmishonaleyo. Mnzanuyo anafika, anadya, anapeza ndi manda omwe. Amene mukusowa pokocheza ndinu."