Zoyala m'nsapato za amama

Amama ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu pa Rufunsa. Basi ikaima, ankathamangira kumawindo beseni lili pamutu, atavala mapatapata otha kunsi. Atawapeza ndi matenda a shuga, mapazi awo anayamba kuchita dzanzi. Tsiku lina atatambasula miyendo pamphasa, ndinaona chilonda pansi pa chala chachikulu chakumanzere, chozungulira ngati batani. Iwo sankadziwa n'komwe kuti chilipo.

Kuchipatala ku Mpanshya anesi anachitsuka, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Amayi anuwa asamapondere pamenepa. Pakufunika zofewa zoyala m'nsapato, zoboola pomwe pali chilonda. Zimapezeka ku Lusaka. Komanso apumule."

"Ndikapumula, nthochi zidzigulitsa zokha?" amama anafunsa.

Ku Lusaka sitinathe kupita. Ndinagula nsapato zachimuna pasalaula, pogulitsa zovala zakale, ndipo ndinang'amba matiresi anga. Ndinawapondetsa pakatoni, n'kulemba phazi ndi khala, n'kudula siponji ndi lezala motsatira mzerewo. Ndinaboolanso kabowo ka chilonda. Atavala anazungulira bwalo kawiri akuseka.

"Iwe, ndikuyenda pathonje!"

Patangotha masiku anayi siponjiyo inaphwatalala ngati pepala. Ndinadula ina. Ndinayesa chubu cha njinga, ndinayesa bulangeti lopinda, mpaka matiresi anatsala theka. Mvula itayamba, zoyalazo zinkabwera zitanyowa, zili ndi mafinya, zikununkha. Ndinkazichapa n'kuziyanika kuseri kwa khola la mbuzi kuti ogula nthochi asamve mbiri yake.

Chala chachikulu chija anachidula kuchipatala nthawi yokolola chimanga. Ndinakonza zoyala zina zolingana ndi phazi lopanda chalalo, koma chilonda chachiwiri chinatuluka pachidendene, ndipo khungu linayamba kuda kukwera m'mwendo. Anesi aja atachiona sanalankhule pamaso pa amama. Anandiitanira panja, n'kundiuza kuti adokotala aika Lachinayi, ndipo adzadula mwendowo m'munsi mwa bondo. Ndinangoyang'ana njinga zoimikidwa pansi pa mtengo wa mango.

Lachitatu masana amama anandiuza kuti nditenthetse madzi. Ndinawasambitsa phazilo pang'onopang'ono, ngakhale ndinkadziwa kuti sakumva dzanja langa. Nditapukuta, anandilozera lezala.

"Wenga zikhadabo za zala zinayi zatsalazi," anatero. "Achipatala asakaganize mawa kuti ndilibe mwana."

Ndinawenga, n'kudzoza mafuta mpaka m'bondo.