Chigoli Chochedwa cha Ba Whiteson

Amuna anga, Ba Whiteson, ali ndi lamulo limodzi lokha: musawauze za chigoli asanachione okha. Muwanyoze, muwadyere ndiwo, angoseka. Koma mukangokuwa kuti "chalowa!" iwo asanaone, basi, chibale chathera pomwepo.

Anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ku fakitale ya feteleza. Ntchito itatha, anatsegula kashopu kokonza mawailesi kuno ku Nangongwe. Mpikisano uliwonse wa mpira wa dziko lonse amaukumbukira ndi chimene anautsatira nacho. Wa ku America, mu 1994, inali wailesi yomanga ndi chubu cha njinga. Wa ku France inali tivi ya batire ya galimoto, ine ndili panja kuzunguza nsungwi ya eriyo ngati chitsiru, iwo m'nyumba akukuwa, "Pomwepo, amake Miriam, musagwedezeke!" Intaneti itabwera, ankakwera minibasi kukawerenga nkhani za mpira pa kompyuta za eni ake m'tauni, n'kubwera nazo zosindikiza papepala ngati satifiketi.

Miriam, mwana wathu mmodzi yekhayo, anakulira pamkeka pamapazi pawo, akukuwa nawo limodzi. Atakhala namwino, ndeke inapita naye ku New Zealand. Panapita zaka zisanu ndi chimodzi bambo ndi mwana osakuwira chigoli pamodzi. Iwo sankanena, koma ine ndinkaona kuti mpira unasiya kuwakomera, ndipo zinkandiwawa.

Ndiye mu 2023 atsikana athu a Zambia anapita ku mpikisano wa dziko lonse, ku New Zealand komweko! Miriam anagula tikiti ya masewera ndi Costa Rica. Kwawoko anali madzulo, kuno Lolemba naini koloko m'mawa. Anapangana kuti bambo aonera pa foni yawo, mwana akhala pa vidiyo pa foni yanga ali m'bwalo momwemo.

Vuto linali loti intaneti yathu imachedwa ndi theka la mphindi. Chigoli chikalowa uko, kuno mpira ukadali pakati.

"Andiuza ndisanaone," Ba Whiteson anadandaula kwa sabata yathunthu.

"Ndiye naye mum'thamangitsa?" ndinawafunsa.

Tsikulo shopu sanatsegule. Tinakhala pakhonde, iwo maso pa foni yawo, ine ndagwira yanga. Masewera atangoyamba kumene, foni yanga inangoti zii. Ndinayang'ana. Mayo ine! Anthu kumbuyo kwa Miriam akulumpha, mbendera zili petupetu, iye watseka mawu a foniyo, dzanja lili pakamwa, misozi ili chuchuchu, maso ali pa atate ake. Ndinaluma mlomo. Pa foni ya Ba Whiteson atsikana anali akukonzekera kumene kumenya kona.

Theka la mphindi n'lalitali, anthuni.

"Chalowaaa!" anakuwa Ba Whiteson. Mpando unagwera uko, nkhuku zinabalalika. Pomwepo Miriam anatsegula mawu, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, yekhayekha, anzake m'bwalo atayamba kale kukhala pansi.

Tinapambana zitatu kwa chimodzi, ndipo katatu konse mwanayo anadikira.

Masana ndikutsuka mbale anabwera akumwetulira okha. "Mwaona, amake Miriam? Lero intaneti sinachedwe n'komwe. Ine ndi mwana wanga takuwa nthawi imodzi."

"Ndaona," ndinatero. Mpaka lero sindinawauze.