Mayi wa Kamera ya Miyendo Itatu

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinakwanitsa zaka khumi, pamene msewu wathu wonse ku Kabwata unasowa mtendere chifukwa cha mzimayi mmodzi wowonda, wovala thalauza, yemwe sanatukwane munthu, sanabe kanthu, ngakhale kuponda pakhomo pa wina aliyense.

Ababa anga, a Saidi, anali mmisiri wa malata. Anabadwira ku Malawi, nabwera ku Lusaka ali mnyamata, ndipo ankapanga mbaula, ndowa ndi mabeseni. Nyumba yomwe tinkakhala inali ya lendi. Kutsogolo kwake, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, anamanga shedi ya migolo yong'amba n'kuiwongola ndi nyundo, naipaka utoto wobiriwira. Mbaula zinkalendewera pa waya, ndowa zili ndandanda pansi, dzuwa la m'mawa likamenya pamenepo maso ankachita kuthobwa. Anthu opita ku msika wa Kamwala wapansi, ena ongotsika minibasi, ankaima n'kugogoda ndowa ndi chala kuti amve kulimba kwake. Shedi imeneyo ndiyo inkatidyetsa. Koma inamangidwa popanda chilolezo cha aliyense, ndipo ngakhale ine mwana ndinkadziwa kuti imeneyo si nkhani yokamba mokweza.

Ojambula zithunzi tinkawadziwa bwino. Ankabwera pa njinga tsiku la Idi kapena la Khirisimasi. Munthu unkasamba, kudzola mafuta mpaka chipumi waliwali, kuima pafupi ndi maluwa a mwini wake dzanja lili m'chiuno, basi wojambula n'kukuuza kuti useke. Kujambula kwa ife kunali kumeneko.

Mayi uyu ayi. Ankafika m'mawa, kutambasula miyendo itatu yachitsulo tsidya la msewu, kukhazikapo kamera, n'kuilozetsa ku khoma. Khoma lenileni! Chitseko cha wometa tsitsi, zenera losweka la golosale, masitepe a mafulati, mpopi wa madzi. Akatero ankangoima, manja kumbuyo, kudikira. Chomwe ankadikira palibe ankachidziwa.

Woyamba kumuyesa anali bana Chanda, ndiye kuti amake a Chanda, oyandikana nafe nyumba, mayi wa pakamwa pothwa yemwe ankapemphera mokweza mpaka ife Asilamu tinaloweza nyimbo za kutchalitchi kwawo. Anasambitsa ana awo onse, kuwaveka za pa Sande, n'kukawandandalika patsogolo pa kamera.

"Iyayi mami, sinijambula za so," anatero mayi uja akumwetulira. "Asiyeni azisewela chabe monga masiku onse."

Bana Chanda anabwerera atafufuma ngati mtanda wa mandasi. Anafikira pa shedi yathu.

"Imwe ba Saidi, munthu wabwino angakane ana osamba, n'kukajambula chimbuzi cha pa maliketi? Chija cha miyendo itatu ninachiwonapo ku Chelstone. Anabwela nacho amuna opima malo, kuyang'anamo so, kuyang'anamo so. Manje pamene panali timashopu pali chabe msewu."

Nyundo ya Ababa inasiya kulira. Amayi, omwe ankachapa pakhonde, anapukuta manja pa chitenje n'kulowa m'nyumba. Tsiku lomwelo ndinawamva akunong'ona kuti, "Bambo a Asiyatu, akayamba kufunsa za shedi, mawa adzafunsa za kwanu." Asiyatu ndine. Ndinabadwira mu Lusaka momwemo, Chinyanja cha m'tauni chili pakamwa ngati wina aliyense, koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti makolo anga ankadziwerengerabe ngati alendo oti akhoza kuuzidwa kuti nyamukani.

Mphekesera zinakula ngati udzu wa m'dzinja. Wina anati wamuona akujambula manambala a nyumba. Wina anati Loweruka sabwera chifukwa maofesi amakhala otseka, ndiye kuti ndi wantchito wa akuluakulu a boma basi. Zoti mwina anali wa mpingo wopemphera Loweruka palibe anaziganizako. Ena anati zithunzizo amapita nazo kwa a satana, ndipo ana tinaletsedwa ngakhale kudutsa kumbuyo kwake. Akapereka moni, "Muli shani?", azimayi ankayankhira m'mphuno maso ali kumbali.

Kenako m'mawa wina kamera ija inatembenukira kwathu.

Ine ndinapatsidwa ntchito ya ulonda. Ndisanapite ku sukulu ndinkakhala pa mwala wa pakona, buku lili pamiyendo ngati ndikuwerenga, maso ali kokwerera minibasi. Ndikangoona miyendo itatu ija ili paphewa, ndinkathamanga. "Ababa, abwera!" Eee, munthu wamkulu kuchita changu chotero sindinamuonenso. Mbaula zonse pansi, ndowa m'kati, chitseko gwa! Iwo ankakhala m'kati mumdima, fungo la utoto ndi chitsulo chotentha lili tho, akusuzumira pa kabowo ka msomali. Mayi uja ankatambasula miyendo yake ija, kuyang'ana shedi yotseka, kuyang'ana kumwamba, kudikira. Dzuwa likakwera ankapinda zonse n'kumapita osajambula kanthu.

Mawa lake n'kubweranso. Kwa wometa tsitsi anangoimako kamodzi, ku golosale kamodzi, koma kwathu ankangobwerabwera. Ababa anayamba kuonda. Chakudya ankangochigwiragwira, makasitomala obwera m'mawa ankapeza potseka n'kupitirira. Ndinkamva chisoni, komanso ndinkakwiya, chifukwa ndinali mwana wosatha kusunga mawu m'mimba.

"Ababa, bwanji osangopita kukawafunsa chomwe akufuna?"

Anandiyang'ana ngati ndalavulira m'mbale. "Iwe, kazitape unamuonapo akuvomera kuti ndine kazitape? Ukamufunsa ndiye wamuuza kuti uli ndi mlandu. Usadzayerekeze kuwoloka msewu umenewo, wamva?" Amayi anawonjezera khofi pamutu kuti mawuwo akhazikike bwino.

Lachisanu lina Ababa anabwera kuchokera ku mzikiti nkhope ili gwaa. Mnzawo wina anawauza kumeneko kuti ogwetsa zomangidwa popanda chilolezo akabwera sapereka mpata, amanyamula malata, zida, ndi katundu yense. Wochenjera amagwetsa yekha, n'kupulumutsa zake. Sanavule n'komwe mkanjo wawo woyera. Anatenga nyundo yozulira misomali n'kukwera padenga.

Ine ndinkalandira misomali m'chitini. Kulira kwa msomali wadzimbiri ukamazuka ndimakumvabe mpaka lero, kwiii, kwiii, mano kuchita kunyerenyetsa. Anthu a mumsewu anaima kutali akuonerera. Bana Chanda anati, "Mwachita bwino ba Saidi, mwawachenjelela." Amayi sanatuluke. Dzuwa lisanalowe, pamalo pomwe Ababa anagwirapo ntchito kuyambira ine ndisanabadwe panangotsala dothi lakuda ndi tizidutswa ta malata. Migolo yobiriwira ija anaisanja kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa.

Lolemba mayi uja anafika. Ine sindinathamange, panalibenso chobisa. Anaima tsidya lija, miyendo itatu ikadali paphewa, kukamwa kuli yasa. Kenako, kwa nthawi yoyamba, anawoloka msewu. Ababa anali pakhonde, manja atapinda pachifuwa.

"Ba tate, shedi yayenda kuti? Ndani wagwetsa?"

"Mwapeza zomwe mumafuna," anatero Ababa. "Pitani mukawauze kuti palibe choti agwetse."

"Nikauze ndani?"

Mayi uja anaika katundu wake pansi, natulutsa zithunzi m'chikwama. Ine ndinasendera. Munali wometa tsitsi akusesa pakhomo pake, munali masitepe a mafulati mwana atagonapo, munali mpopi uja azimayi akukangana. Msewu wathu womwewo, wafumbi, koma wooneka ngati malo oti munthu angawasowe. Anati amakhala ku Woodlands, ndipo amazungulira makomboni kujambula nyumba ndi misewu momwe zilili, chifukwa tauni ikusintha ndipo ana a mawa sadzadziwa. Anati sakonda munthu woima ngati msilikali, amafuna munthu ali pa ntchito yake, ataiwala kuti pali kamera.

"Shedi yanu ndiye inali yabwino kupambana zonse mu msewu muno," anatero. "Nenze kufuna dzuwa la kuseni, likangotuluka, pa ndowa zija, imwe muli na nyundo. Manje nikabwela nipeza mwatseka. Nenze kuganiza kuti mwina mudwala."

Anapukuta misozi. Ababa anatenga chithunzi chimodzi, nachiyang'ana nthawi yaitali, nachibweza. "Zikomo mayi," anatero. "Yendani bwino." Mayi uja ananyamula miyendo yake itatu. Sitinamuonenso.

Ogwetsa sanabwere. Wometa tsitsi anapitiriza kumeta, golosale inapitiriza kugulitsa. Amene anabwera anali mwini nyumba. Shedi ili chiimire ankangoilekerera, poti anaipeza ilipo pomwe ankagula nyumbayo. Ataona kuti kutsogolo kwayera, anati Mulungu wamuyankha, nabweretsa njerwa. Mwezi usanathe tinali m'kati mwa mpanda wautali wokhala ndi magalasi osweka pamwamba. Ababa anayesa kugwirira ntchito kuseri, koma ndani angagule ndowa yomwe sakuiona? Mapeto ake anakalembedwa ntchito kwa mmisiri mnzawo ku Kamwala, munthu yemwe iwo anamuphunzitsa kugwira lumo la malata. Ankanyamuka m'mawa ndi kachikwama ka zida, wapansi, mutu uli pansi. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe.

Chodabwitsa n'chakuti mumsewu palibe anasintha maganizo. Bana Chanda anati zithunzi zija zinali zophimba m'maso. Ababa nawo, mpaka ukalamba wawo, nkhaniyi ikatuluka ankati, "Ameneuja anali kazitape. Tinamutulukira msanga." Ndili mtsikana ndinkatsutsana nawo mpaka kukwezerana mawu. Ndinkati, "Ababa, kazitape wanji wolira chifukwa cha shedi ya migolo?" Iwo ankangopukusa mutu n'kuyatsa wailesi.

Nanenso sindinganame kuti magazi amenewo ndilibe. Mnyamata akaima pa geti panga n'kukweza foni, mtima umayamba wagunda kaye. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimatuluka, n'kumufunsa kuti, "Mwanawe, ukujambula chiyani?" Ena amayankha bwino, ena amathawa, koma ndimagona nditadziwa. Msewu uja unali waung'ono, woti nkhuku inkawoloka osathamanga, koma akuluakulu onse aja anakhala milungu akunong'onezana za munthu ali poteropo, wopanda mmodzi wopita kukamufunsa.

Koma chomwe ndachimvetsa mochedwa, Ababa atapita kale, ndi chifukwa chomwe ankakanirira. Sikuti sanamukhulupirire mayi uja. Ndinaona momwe anachiyang'anitsitsira chithunzi chija asanachibweze. Anamukhulupirira tsiku lomwelo, pakhonde pomwepo. Koma akanavomera pakamwa kuti anali wojambula chabe, akanayenera kuvomeranso kuti palibe mdani anawalanda shedi, anaigwetsa okha ndi manja awo, mwana wawo akulandira misomali. Ndikanazindikira zimenezi akadali moyo, sindikanalimbana nawo. Ndikanangoti, "Inde Ababa, anali kazitape."