Dzanja la Afinye m'Khola Lachinayi

Zinayamba m'dzinja la 2011, mvula itagwa masiku asanu ndi anayi osapumira. Pa 17 Januwale akapitawo a pa famu ya nkhuku anabweretsa mlamu wawo, mkazi wamasiye wa mng'ono wawo, kuti ayambe ntchito. Anawapatsa khola lachinayi, lomwe aliyense ankalikana chifukwa cha chinyezi.

Mayiwo sanali olankhulalankhula. M'mawa uliwonse ankatapa utuchi wosakanikirana ndi zitosi n'kuufinya m'dzanja. Ukamwazika potambasula zala, ankapitirira. Ukaumbika ngati dongo, ankauchotsa ndi fosholo, kenako n'kukweza chomwera madzi ndi mfundo imodzi ya chingwe, kuti nkhuku zizimwa zitatukula khosi, osataya madzi pansi. Anzawo anawatcha Afinye.

"Alamu, mwabwera kudzaweta nkhuku kapena kudzaumba mbiya?" ankatero akapitawo, anthu n'kumaseka.

Kusekako kunatha pa 2 Malichi 2013. Mwini famu analowa m'khola lachinayi, napuma mpweya osatsokomola, nati, "Muno mokha ndi momwe maso sandiwawa." Akapitawo anali chiimire pakhomo, zaka khumi ndi zinayi za ntchito zili kumsana, koma palibe anawacheukira. Kuyambira tsiku limenelo ankangoona ukapitawo ukuwapulumuka m'manja, ndipo woulanda ndi munthu amene anamubweretsa okha.

Mwini famu asanabwerenso, akapitawo anamwaza utuchi watsopano pamwamba pa wonyowa m'khola lawo loyamba. Munayera mbee. Afinye podutsa anapisa dzanja pansi, nafinya, madzi n'kudontha.

"Alamu, mwangofunditsa bulangete mwana wokodzera pogona. Tiyeni tichotse, ndikuthandizani."

"Anakupezerani ntchito pano ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye kafinyeni kwanu."

Mphuno yawo yomwe inkawauza akapitawo kuti mlamu wawo sakunama. Koma kugwira fosholo anthu akuona, molangizidwa ndi Afinye, anaona kuti bola fungo.

Pa 11 Epulo zitosi za m'khola loyamba zinayamba kuoneka magazi, nkhuku zinagwetsa mapiko. Pofika pa 19 anali atakwirira nkhuku 640. Mwini famu anaitana onse nanena kuti ukapitawo upite kwa Afinye.

"Pepani bwana," anatero Afinye. "Awa ndi bambo aakulu a ana anga. Mpando wawo sindingakhalepo."

Mpando unatsala ndi akapitawo, koma chifundo chimenecho chinawawawa kuposa nkhuku zakufa. Anasiya kuyankha moni wa Afinye. Komabe m'mawa, akatseka chitseko cha khola loyamba, ankagwada n'kufinya utuchi, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba.

Afinye anawapeza atagwada choncho kamodzi. Anazindikira kuti iwo ali pafamupo, alamu awo sadzafinya poyera. Anakoleka chingwe chawo cha mfundo pa msomali wa khola loyamba, nasiya ntchito pa 30 Juni 2013.