Khutu la a Chikaipa

Ku Chipadze, m'tauni ya Bindura, mukafunsa za a Obert Chikaipa, anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Koma tangonenani kuti Sekuru Khutu, pakuti agogo aamuna m'Chishona amati sekuru, ngakhale mayi wogulitsa masamba pamsewu akulozerani nyumba ya geti lobiriwira. Dzinalo analipata ku mgodi, ndipo ankalinyadira kuposa satifiketi, poti satifiketiyo analibe n'komwe.

Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi kudzakumba miyala ku Bindura. A Obert anabadwira pakomboni, ndipo atakula analowa nawo pansi zaka zisanu ndi ziwiri, akuboola thanthwe ndi chitsulo chogwedeza mano. Kenako anawasamutsira ku galaja kukasesa. Kusesako sikunathe chaka. Mgodi unagula njinga zamoto za matayala anayi, zimene anthu ankangoti makwadi, zoti alonda ndi oyeza malo azikwerera mapiri. Zikawonongeka, amakaniko a sukulu ankatsegula mabuku. A Chikaipa ankangotenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira pakhutu, n'kutsinzina. Pakapita kamphindi ankati, "Ndi valavu iyi," ndipo inkakhaladi valavu.

Masiku amenewo, inu! Lachisanu masana ankanamizira kuti akuyesa kwadi, n'kudutsa nayo pakomboni atakweza akazi awo a Estele kumbuyo. Mayiwo ankakhala chammbali, dzanja lina pa duku lina pa lamba wa amuna awo, akukuwa kuti awatsitse koma kutsikako osakufuna. Kunali mpira wa mgodi, ng'oma zikumveka kuseri kwa manyumba, Chichewa chili ponseponse moti Ashona ankachiphunzira kuti miseche isamawadutse.

Koma phokoso la pansi lija silinawaiwale. Atapuma ntchito, makutu anayamba kuzima pang'onopang'ono: poyamba mbalame, kenako mawu a adzukulu, kenako belu la kutchalitchi. Sanauze munthu, ngakhale a Estele. Munthu wotchedwa Khutu angayambire pati kunena kuti wagontha? Anaphunzira kuyang'ana milomo, kugwedeza mutu, ndi kuseka anzawo akaseka. Anthu akabweretsa njinga zoti akonze pabwalo pa nyumba yawo, ankaikabe sikuludiraiva pakhutu n'kutsinzina monga kale, koma vuto ankalipeza ndi maso ndi manja, mwakabisira. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku limene anthu adzadziwe, dzina lawo lidzasanduka chipongwe.

Lolemba lina m'mawa lole inatsitsa kwadi yofiira pakhomo pawo. Mwini wake anali Nyaradzo, mayi wa ku Masembura amene ankanyamulirapo matimati kuchokera kudimba kukafika kumsewu wa basi. Agogo ake anali a ku Dedza, ndiye Chichewa ankachimva chonse, kungoti polankhula ankachisakaniza ndi Chishona.

A Chikaipa atazungulira kumbuyo kwa kwadiyo anaizindikira nthawi yomweyo. Pa chitsulo chonyamulira katundu panali powotcherera pokhota, ndipo anawotchererapo ndi iwo, mwaphuma, tsiku limene mwana wawo woyamba Rozina anabadwa. Inali Nambala Seveni, kwadi ya mgodi imene anaisamala zaka khumi ndi zinayi isanagulitsidwe pa okushoni. Koma kavalidwe kake! Amakaniko a m'tauni, aja okonda kugulitsa zonyezimira kuposa kukonza, anali ataipachika nyali zothobwa m'maso, matayala a mano akuluakulu, mpando wachikopa, ndi chivindikiro cha thanki chowala choti n'kudziyang'anirapo nkhope.

"Akukongoletsa ngati mkwatibwi, nkhalamba iwe," anatero akuisisita.

"Sekuru, imayenda bwinobwino," anafotokoza Nyaradzo, "koma ndikafika pakati pa njira imangozima. Asintha pulagi, asintha batire, hapana, palibe chasintha. Amuna anga akuti ikapanda kuchira pofika Loweruka aigulitsa kwa okumba golide, achotse injini azipopera madzi."

Zimenezi a Chikaipa anazigwira chifukwa ankamuyang'ana pakamwa. Kenako anawerama kusuzumira pansi pa injini, Nyaradzo n'kumapitiriza kulankhula kumsana kwawo. Iwo ankangoti "Eya, eya," osamva kanthu. A Estele anali pakhonde akusankha nyemba.

Masiku anayi bamboyo anavutika. Kabuleta anaimasula, kuitsuka, kuibwezera. Mawaya onse anawatsata ndi chala. Akailiza pabwalo inkalira bwino, koma akazungulira nayo kuseri kwa msika inkafa pobwerera, iwo n'kumaikankha thukuta lili kamukamu anthu akuonerera.

"Nanga simukuimva, Sekuru Khutu?" anakuwa wogulitsa makala wina. Mawuwo sanawamve, koma kuseka anakuona.

Lachisanu masana anakhala pa tayala lakale, sikuludiraiva ili pamwendo, mtima ukuwawa. Ankadziwa kuti Obert wa masiku aja sakanagona nayo kawiri kwadi imeneyi. A Estele anabwera ndi tiyi, naima kutsogolo kwawo kwenikweni monga ankachitira masiku ano, n'kulankhula mosathamanga.

"Bambo a Rozina, mwana uja Nyaradzo ananena kuti ikazima amatsegula thanki kuona ngati petulo watha. Amapeza alimo, ndipo akatseka n'kuiliza, imalira."

"Ananena liti zimenezo?"

"Lolemba. Munali mutawerama."

A Chikaipa anadzambatuka mpaka tiyi kutayika. Thankitu imafunika kupuma. Petulo akamatsika, mpweya uzilowa, apo ayi petuloyo amaima. Chivindikiro chakale cha Nambala Seveni chinathyoka kapaipi kopumira kalekale, ndipo iwo anachiboola kabowo ndi msomali. Ndiye kuti akatswiri a m'tauni aja ataona chivindikiro chakuda chobooka anachitaya, n'kuikapo chonyezimira chotseka ndindindi. Ngati zinalidi choncho, kwadi ikangozima munthu n'kutsegula chivindikiro, thanki iyenera kukoka mpweya, kamawu kakang'ono kongoti fyuu. Koma kuboola chinthu chatsopano cha eni ake mongoganizira, zimenezo anali asanachitepo chiyambire ntchito. Anayenera kukamva kaye kamawuko.

Anaizungulitsa mpaka inafera pageti. Anaikankhira pabwalo, nagwira chivindikiro, nabweretsa khutu pafupi. Dzanja linaima pomwepo. Ngakhale thankiyo ikanakuwa, iwo sakanamva. Akanatha kutsinzina, kugwedeza mutu mwanzeru ngati masiku onse, n'kutenga msomali. Anayang'ana powotcherera pokhota paja, kenako anayang'ana akazi awo.

"Mayi a Rozina, tabwerani muike khutu apa." Analoza pachivindikiro. "Ine sindimva. Makutu anatha."

A Estele sanadabwe n'pang'ono pomwe. Anapukuta manja pa chitenje n'kubwera.

"Chino n'chaka chachinayi ndikudziwa," anatero. "Mumayesa ndimaima kutsogolo kwanu kuti muzindisirira nkhope? Kuyambira Lolemba ndakhala ndikumeza mawu a mwana uja, kuopa kukuchititsani manyazi. Tsegulani."

Anawerama duku likukhudza thanki, n'kutsinzina ndendende mmene amuna awo ankachitira. A Chikaipa anapotokola chivindikiro pang'onopang'ono, maso ali pankhope ya mayiwo.

"Yapuma!" anakuwa a Estele. "Yati fyuu, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni!"

Msomali umodzi, hamala kawiri, basi. Anailiza, ndipo kunjenjemera kwa injini anakumva m'manja ndi m'mawondo. Anacheuka n'kumenya mpando kumbuyo kwawo. A Estele anati ndi msinkhu uno ayi, anthu a kutchalitchi aona, koma ankanena zimenezo akukwera. Anazungulira msika katatu, kwadi osazima, mayiwo dzanja lina pa duku lina pa lamba, akukuwa kuti awatsitse. A Chikaipa kukuwako sanakumve, koma ankakudziwa pamtima, ndipo misozi inatsika osaipukuta.

Loweruka Nyaradzo anabwera ndi amuna ake, ndipo anthu a pamsika anatsatira kudzaonerera, wa makala uja ali patsogolo. Ataona kabowo pa chivindikiro, Nyaradzo anawomba m'manja.

"Kanthu kakang'ono chonchi! Munakamva bwanji, Sekuru Khutu?"

Funsolo a Chikaipa analiwerenga bwino pamilomo yake. Pabwalo panali anthu oposa khumi, onse akudikira.

"Sindinakamve ine, mwana wanga," anatero mokweza. "Ndinagontha. Kuyambira lero ukamalankhula nane uzindiyang'ana kumaso."

Palibe anaseka, ngakhale wa makala. A Chikaipa anasolola m'thumba la ovolosi sikuludiraiva ija, ya chogwirira chotha ndi zaka makumi atatu, naiika m'manja mwa a Estele.

"Khutu ndi awa. Mukabweretsa njinga, muziyamba mwapereka moni kwa iwo."